Kubzala kapinga pabwalo louma: malangizo kwa okhala ku Chipata ndi madera ozungulira

Aliyense amene wakhalako ku Chipata m'mwezi wa Okutobala amalidziwa fumbi lofiira limene limalowa m'nyumba ngakhale mazenera atatsekedwa, ndipo amadziwanso momwe madzi a mvula yoyamba amatsikira kuchokera m'mapiri ozungulira mzindawu, atasanduka matope, n'kukokolola dothi la pabwalo kupita nalo mumsewu. Fumbi ndi matopewo gwero lake ndi limodzi, ndilo nthaka yopanda chophimba. Ambiri a ife tinaleredwa ndi mwambo wosesa pabwalo m'mawa uliwonse mpaka pasatsale ngakhale kaudzu kamodzi, ndipo mwambowu uli ndi chifukwa chake chomveka, pakuti pabwalo poyera njoka ndi zinkhanira zimasowa pobisala. Koma tsache likamadutsa tsiku ndi tsiku limachotsa dothi pang'onopang'ono, mphepo ndi mvula zimatenga lotsalalo, ndipo pakapita zaka zingapo mumaona maziko a nyumba ali pamtunda, mizu ya mtengo wa mango nayo ili poyera ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba.

Chophimba chimene ndikufuna kukulimbikitsani kuti mubzale si chogula kusitolo ayi. Ndi kapinga, udzu waufupi woyanga uja umene umamera wokha m'mphepete mwa misewu, m'mabwalo a mpira a kusukulu, pafupi ndi makola a ng'ombe ndi m'mbali mwa madambo. Akatswiri a zomera amamutcha Cynodon dactylon, ndipo ngakhale ku America amadziwika ndi dzina la Bermuda, ndi udzu umene wakhala ukumera muno mu Africa kuyambira kalekale. Alimi amadana naye, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa akalowa m'munda wa chimanga kapena wa nsawawa khasu limatopa naye. Koma khalidwe lomwelo limene limamuchititsa kukhala wovuta m'munda ndi limene limamuchititsa kukhala wofunika pabwalo. Kapinga amayanga m'njira ziwiri: ali ndi nthambi zokwawa pamwamba pa nthaka, zimene zimatulutsa mizu pa mfundo iliyonse yokhudza dothi, ndiponso ali ndi nthambi zina zoyera zoyenda pansi pa nthaka, momwe amasungamo chakudya. Chilimwe chikafika masamba ake amauma n'kufiira, koma nthambi zapansizo zimakhala zamoyo, zikudikira mvula.

Kuno kwathu mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka chabwino, ndipo miyezi yotsalayo kumakhala kouma. Chaka choipa nachonso tinachiona. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha nyengo ya ulimi ya 2023/2024 ndi tsoka la dziko lonse, ndipo madzi atachepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse, moti ngakhale amene anali ndi zitsime za pampu ya magetsi analephera kuthirira monga anazolowera. Chomera chimene chimafuna madzi tsiku lililonse sichiyenera bwalo la munthu wokhala m'dera lotere. Mfundo yaikulu ya malangizo onsewa ndi yakuti kapinga amabzalidwa ndi mvula, amakhwima ndi mvula, ndipo m'chilimwe amaloledwa kugona.

Kusankha malo ndi kuika malire

Musanagwire khasu, khalani tsiku limodzi mukuyang'ana momwe dzuwa limayendera pabwalo panu. Kapinga amafuna dzuwa lambiri, maola osachepera 6 pa tsiku, ndipo pamthunzi amatalika n'kuonda, kenako n'kutha. Pansi pa mango, pansi pa malaina kapena kuseri kwa khoma kumene dzuwa silifika musataye mphamvu zanu. Pamenepo yalani masamba ouma kapena timiyala, ndipo pakhale poikapo mpando. Mtengo wa msangu ndi wosiyana ndi inzake, chifukwa umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, choncho kapinga amapeza dzuwa pansi pake pa nthawi yomwe akukula. Siyaninso njira imene anthu amayendamo tsiku lililonse, monga yochokera pakhomo kupita kukhitchini kapena kuchimbudzi. Kapinga amapirira kupondedwa kuposa udzu wina wambiri, n'chifukwa chake amapezeka m'mabwalo a mpira, koma panjira ya mapazi a tsiku ndi tsiku amatha ndithu, ndipo ndi bwino kuyalapo njerwa kapena miyala yafulati kuyambira pachiyambi.

Malire ndiwo ntchito imene anthu ambiri amailumpha, ndipo ineyo ndinailumpha pamene ndinabzala koyamba. Ndinabzala kapinga moyandikana ndi kadimba kanga ka repu ndi matimati popanda chotchinga chilichonse, ndipo mvula ziwiri zitadutsa nthambi zake zapansi zinali zitalowa m'mabedi onse. Ndinatha chilimwe chathunthu ndikukumba ndi kutola tizidutswa toyera m'dothi, chifukwa kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kakatsala kamamera mwatsopano. Kuti zimenezi zisakuchitikireni, kumbani kangalande kakuya masentimita 30 kuzungulira malo onse amene mukufuna kuti kapinga akhalepo, makamaka mbali yoyang'ana kudimba, kumaluwa kapena kumunda. M'kangalandemo imikani njerwa zootcha mothithikana, kapena malata akale odulidwa m'litali, ndipo mbali yake ya pamwamba itulukire pamtunda masentimita 5, koma ngati ndi malata muipinde kuti isacheke mapazi a ana. Chotchinga chimenechi chimaletsa nthambi zapansi. Zapamwamba zimakwera chilichonse, choncho pakati pa malirewo ndi dimba siyani kanjira kopalira kotambalala theka la mita, kuti nthambi iliyonse yodumpha muiwone msanga n'kuidula. Ngati bwalo lanu lachita malire ndi munda wa mnzanu, kambiranani naye musanabzale, chifukwa kapinga sadziwa kuti pano ndi pa yani.

Kukonza nthaka

Ntchito imeneyi ichitike kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kuti mvula ikamakhazikika malo akhale okonzeka. Nthaka ya pabwalo losesedwa zaka zambiri imakhala yolimba ngati simenti, ndipo madzi amangodutsa pamwamba osalowa. Ngati khasu likudumpha, dikirani mvula yoyamba ifewetse, kapena gwiritsani ntchito piki. Tipulani mozama masentimita 15 mpaka 20, phwanyani zibuma, ndipo tolani zonse zimene omanga nyumba anasiya pansi: zidutswa za njerwa, simenti youma, mapulasitiki ndi magalasi. Pamalo pamene pakwiririka mulu wa simenti kapinga amayamba kufiira msanga kuposa pena ponse, ndipo mwini bwalo amadabwa kuti chalakwika n'chiyani.

Potipula yang'anitsitsani dawe, kaudzu kaja kokhala ndi timinyemba pansi. Tolani timinyembato tonse timene mungathe kupeza, chifukwa kapinga akadzaphimba simudzathanso kukumba popanda kumuononga.

Nthaka za kuno si zofanana. Katondo wofiira amene ali m'madera ambiri a Chipata, Katete ndi Chadiza amasunga madzi bwino akatipulidwa, koma amauma gwa akapondedwa. Nthaka ya mchenga imalowetsa madzi msanga n'kuwataya msanganso. Makande akuda a kudambo amamata m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Kapinga amamera pa zonsezi, ndipo zonse zimakonzeka ndi chinthu chimodzi, ndicho manyowa owola bwino. Thirani wilibala imodzi ya manyowa a m'khola kapena kompositi pamalo a mamita 2 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, n'kusakaniza ndi dothi la pamwamba. Manyowa aawisi musawagwiritse ntchito, chifukwa amatentha mizu yanthete ndipo amabwera ndi njere zambiri za udzu wosafunika. Ngati manyowa mulibe koma muli ndi feteleza wa D Compound wotsala ku chimanga, mwazani magalamu pafupifupi 30 pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza kilogalamu imodzi ndi theka pabwalo la mamita 5 ndi mamita 10. Feteleza ameneyu ali ndi fosifolasi wochuluka, amene amathandiza mizu kukhazikika. Komabe pankhani yopirira chilala manyowa ndiwo opambana, chifukwa feteleza amadyetsa chomera koma sathandiza dothi kusunga chinyezi.

Pomaliza salazani ndi reki. Pafupi ndi nyumba dothi litsetsereke pang'ono kuchoka kukhoma, kuti madzi asadikhe pamaziko. Kutali ndi nyumba cholinga chanu chisinthe: kumeneko mukufuna kuti madzi aime n'kulowa pansi. Denga la malata la masikweya mita 50 likalandira mvula ya mamilimita 20 limatsitsa malita 1,000, omwe ndi migolo isanu ya malita 200, ndipo pamabwalo ambiri madzi onsewa amathamangira kumsewu. Konzani kanjira kowatsogolera pakapinga, ndipo pamene amagwera kuchokera padenga yalanipo miyala kuti asakumbe dzenje. Ngati bwalo lili pamtsetse, monga zilili nyumba zambiri za m'munsi mwa phiri la Kanjala, ungani timizere tating'ono topingasa mtsetsewo pa mamita awiri kapena atatu aliwonse, monga momwe timaungira akalozera kumunda.

Kupeza mbewu

Kapinga amabereka njere, koma njira yodalirika ndi yobzala nthambi zake, mofanana ndi momwe timabzalira kandolo. Mbewu yabwino koposa ndi yochokera pafupi ndi kwanu, pamalo ouma amene palibe amene amathirira. Yendani mu Okutobala n'kuyang'ana pamene kapinga waphimba nthaka mothithikana ngakhale wafiira, kenako bwereraninso mvula itagwa kuti muone ngati wabiriwira msanga. Ameneyo wayesedwa kale ndi dzuwa la kwanuko, ndipo palibe mbewu yogula imene ingamupose. Wa kudambo kumene madzi sauma amaoneka wokongola, koma simungadziwe momwe angachitire pamtunda.

Samalani kuti musasokoneze ndi udzu wina wofanana naye. Pali mtundu wina wa banja lomwelo umene uli ndi masamba aakulu ndi nthambi zokhuthala, umene umatalika mpaka m'mawondo ndipo ndi wabwino kudyetsa ng'ombe, koma pabwalo umakhala wokhakhala ndipo umafuna kutchetcha kawirikawiri. Amene mukufuna inu ndi wa masamba ang'onoang'ono osongoka, mfundo zake zoyandikana, ndipo ngayaye yake imakhala ndi tinthambi tinayi kapena tisanu totambasuka kuchokera pamalo amodzi ngati zala za nkhuku.

Pemphani chilolezo kwa mwini malo, kaya ndi mnansi, akuluakulu a sukulu kapena a mfumu, ndipo musakumbe malo amodzi mpaka kusiya dazi. Tengani pang'ono apa, pang'ono apo, n'kukwirira maenjewo, ndipo pakangopita milungu yochepa malowo adzatsekeka okha. Kumbani m'mawa kapena madzulo, gwedezani dothi kuti mbewu za udzu wina zitsale komweko, ikani nthambizo m'thumba lonyowa ndipo muliike pamthunzi. Bzalani tsiku lomwelo kapena lotsatira lake, chifukwa nthambi zosiyidwa padzuwa zimauma, ndipo zounjikidwa m'thumba masiku ambiri zimatentha n'kuwola.

Kubzala

Musanyengedwe ndi chizimalupsa. Mvula yoyamba ija imanunkhiritsa dothi n'kuutsa mtima wofuna kubzala, koma nthawi zambiri imatsatidwa ndi milungu iwiri kapena itatu ya dzuwa loopsa. Dikirani mpaka mvula itakhazikika, pamene mukakumba ndi khasu mukupeza chinyezi chozama kuposa kutalika kwa chikhato chanu. Kuno nthawi imeneyi kawirikawiri imakhala mu Disembala, ndipo lamulo losavuta ndi lakuti chimanga chikamera kumunda, kapinga abzalidwe pabwalo. Mungathe kubzala mpaka kumapeto kwa Januwale. Kubzala mu Malichi ndi kuchedwa, chifukwa mvula imatha mizu isanazame, ndipo kapinga wotere ndi amene amafadi m'chilimwe choyamba.

Dulani nthambizo m'zidutswa za masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Mangani chingwe pa zikhomo ziwiri mopingasa mtsetse, ndipo potsata chingwecho lembani kamzere kakuya masentimita 5 ndi ngodya ya khasu. Gonekani chidutswa m'kamzeremo mopendeketsa, kwirirani magawo awiri mwa atatu, nsonga yokhala ndi masamba itsale panja, kenako pondani ndi chidendene. Kupondako musakuone ngati nkhanza, chifukwa mfundo imatulutsa mizu pokhapokha itagundana ndi dothi lonyowa, ndipo chidutswa chongoikidwa m'dothi lotakasuka chimauma mphepo ikawomba. Siyani masentimita 25 pakati pa zidutswa ndiponso masentimita 25 pakati pa mizere. Pamuyeso umenewu sikweya mita imodzi imadya zidutswa 16, ndipo bwalo la mamita 5 ndi mamita 10 limafuna zidutswa 800. Chiwerengerochi chisakuopseni, pakuti anthu awiri kapena atatu amamaliza tsiku limodzi. Pamtsetse waukulu fupikitsani mpata kufika pa masentimita 15 kuti nthaka igwidwe msanga, ndipo ngati mbewu yachepa talikitsani mpaka masentimita 40, podziwa kuti mudzapalira nthawi yaitali.

Amene muli kuchigwa cha Luangwa, monga ku Mambwe ndi ku Mfuwe, kumene kumatentha kwambiri ndipo mvula imachepa poyerekeza ndi kumtunda kuno, bzalani m'timabeseni tosazama m'malo mwa mizere yafulati, kuti mvula iliyonse ikagwa madzi adikhe pamene pali mbewu.

Tsiku labwino kubzala ndi la mitambo, kapena madzulo mvula itangokata. Ngati simukuyembekeza mvula usiku umenewo, thirirani ndi keni yokhala ndi chisefa kuti dothi likhazikike.

Milungu isanu ndi itatu yoyamba

Iyi ndi nthawi yokhayo pa moyo wake wonse imene kapinga amafuna kuleredwa. M'milungu iwiri yoyambirira dothi la pamwamba lisaume. Mvula ikadula masiku atatu, thirirani madzulo. Masamba akale akafota musataye mtima, yang'anani pamfundo ndipo mudzaona timphukira tatsopano. Pakatha milungu iwiri yendani m'mizere n'kubwezeretsa pamene pafa.

Mdani wamkulu pa nthawiyi ndi udzu wina. Manyowa ndi mvula zimene zikukuza kapinga zimakuzanso chisoso, bonongwe ndi khovani, ndipo zimenezi zimakula msanga n'kumuphimba ndi mthunzi, chinthu chimodzi chimene iye sapirira. Zulani ndi manja mlungu uliwonse dothi likadali lonyowa. Khasu ligwire ntchito m'milungu itatu yoyamba yokha, chifukwa nthambi zikayamba kuyanga limazidula. Bonongwe ndi chisoso chanthete ndi ndiwo, choncho kupalira kumeneku sikupita pachabe. Khovani yekha musamusiye pansi mutazula, chifukwa amagwiranso. Mutayeni padzuwa pamalo olimba kapena mupatse nkhumba.

Nkhuku zimapalasa manyowa n'kufukula zidutswa, mbuzi zimazula mbewu yosagwira, ndipo nkhumba ikalowa usiku umodzi imatipula bwalo lonse pofuna nthambi zapansi. Tchingani ndi nthambi za minga kapena kampanda ka udzu kwa miyezi iwiri, ndipo ana muwapemphe kuti mpira ayambe asewerera kwina. Nthambi zoyanga zikatalika, zitsogolereni kumalo amene padakali dazi n'kuthira kadothi pang'ono pa mfundo zake. Mvula ikamagwa bwino bwalo limatsekeka pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Kutchetcha ndi kudyetsa

Yambani kutchetcha msanga, pamene kapinga wafika masentimita 8 kapena 10, ngakhale asanatseke ponse. Akadulidwa kumutu amayanga cham'mbali n'kuthithikana, koma akasiyidwa amatalika, pansi pake n'kukhala mapesi okhaokha. Chikwakwa chakuthwa chimakwanira, ndipo pabwalo laling'ono zenga limagwiranso ntchito. Siyani msinkhu wa masentimita 4 kapena 5, koma pa ulendo umodzi musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake, choncho akakhala wamtali mumutsitse pang'onopang'ono m'maulendo awiri. M'dzinja izi zikutanthauza kutchetcha pa milungu iwiri iliyonse, mwinanso mlungu uliwonse mu Januwale ndi Febuluwale. Apa ndi pamene nkhawa ya makolo athu ya njoka imayankhidwa: pa udzu waufupi chotere njoka imaonekera patali, koma kapinga wolekereredwa mpaka kufika m'akakolo amasanduka tchire la pakhomo, mobisala njoka, udzudzu ndi nkhupakupa. Munthu amene akudziwa kuti sadzapeza nthawi yotchetcha abzale malo ochepa amene angawakwanitse.

Zotchetcha zikakhala zochepa zisiyeni pomwepo ziwolerane. Zikachuluka zisonkhanitseni, ziumitseni padzuwa mpaka zitauma kotheratu musanaziike pa kompositi, kuopa kuti nthambi zamoyo zingadzalowe kudimba pamodzi ndi manyowa. Mbuzi, ng'ombe ndi akalulu amazidya bwino.

Pankhani ya feteleza ine ndimakonda kuumira. Kapinga wodyetsedwa yureya wambiri amabiriwira mochititsa kaso, koma amakula mofulumira, amafuna kutchetcha pafupipafupi ndipo amamva ludzu msanga. Kamodzi pa chaka n'kokwanira, mu Januwale: magalamu 10 pa sikweya mita, omwe ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi yosasefukira, kapena theka la kilogalamu pabwalo la masikweya mita 50. Mwazani masamba ali ouma koma mvula ili pafupi kugwa, chifukwa yureya akakhala pa tsamba lonyowa popanda madzi omutsitsira pansi amawaula. Njira ina, imene ndimaikonda kuposa iyi, ndi kumwaza manyowa osefa mopyapyala mu Novembala n'kuwalowetsa ndi reki. Kuyambira mu Epulo musathirenso feteleza aliyense.

Chilimwe

Pano ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Mu Juni ndi Julayi kukazizira kapinga amaleka kukula, ndipo pofika Ogasiti amayamba kufiira. Mwini bwalo akaona zimenezi amatenga keni n'kumawaza timadzi pang'ono tsiku lililonse. Timadzi totere timanyowetsa dothi la pamwamba lokha, mizu imakwera kutsata chinyezicho, ndipo dzuwa la Okutobala likafika limaipeza pamtunda n'kuiwotcha. Kuwaza pang'onopang'ono kumadzutsanso chomera chimene chinagona, n'kuchichititsa kuwononga chakudya chimene chinasunga potulutsa masamba amene adzaumanso mawa lake. Kuli bwino kusathirira konse kusiyana ndi kuthirira motero.

Choncho sankhani chimodzi mwa ziwiri. Njira yoyamba ndi kumusiya agone. Mukamatchetcha komaliza mu Epulo kapena Meyi kwezani msinkhu kufika pa masentimita 6 kapena 7, kuti masamba ouma akhale ngati chofunda cha nthaka, ndipo kuyambira pamenepo chikwakwa chipume. Kapinga wofiirayo akugwirabe ntchito imene munamubzalira, pakuti fumbi silinyamuka ndipo dothi silitentha ngati la pabwalo losesa. Mukafuna kutsimikiza kuti ali moyo, fukulani pang'ono ndi mpeni: nthambi yapansi ikakhala yoyera, yolimba ndi yamadzi mukaithyola, zonse zili bwino. M'chilimwe choyamba chokha, pamene mizu isanazame mokwanira, ndi nzeru kuthirira kwambiri kamodzi mu Seputembala ndi kamodzi mu Okutobala.

Njira yachiwiri ndi kusunga kagawo kakang'ono kobiriwira, mwina pamene ana amasewera kapena pamene alendo amakhala. Thirani ndowa imodzi ya malita 20 pa sikweya mita iliyonse, zomwe zikufanana ndi mvula ya mamilimita 20, kamodzi pa masiku 10 mpaka 14, m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Thirani pang'onopang'ono, mubwereze kawiri kapena katatu, kuti madzi alowe osathawa. Werengani bwino musanayambe: masikweya mita 10 amafuna mgolo umodzi wa malita 200 pa ulendo uliwonse, pamene masikweya mita 50 amafuna migolo isanu. Kwa banja lolipira madzi a pampopi kapena lotunga pa mjigo, kagawo ka masikweya mita 10 ndi kokwanira. Madzi osambira ndi otsukulutsira zovala ndi oyenera ntchitoyi, chifukwa kapinga amapirira mchere ndi sopo kuposa zomera zambiri, malinga musamathire pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Madzi okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala kapena mafuta ambiri a m'mapoto musawathirepo.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuziyang'anira m'miyezi imeneyi. Choyamba ndi moto. Kuyambira mu Julayi tchire limapsa, nthawi zina chifukwa cha anyamata osaka mbewa, ndipo kapinga wouma angathe kutsogolera moto mpaka pankhokwe kapena pa nyumba ya udzu. Lambulani kanjira kotambalala mamita awiri pakati pa bwalo ndi tchire, ndiponso siyani mpata wopanda udzu kuzungulira nkhokwe ndi khitchini. Musatenthe kapinga dala poganiza kuti aphuke bwino. Amaphukadi, koma mwatentha chofunda chimene chikanateteza nthaka ku mvula yoyamba. Chachiwiri ndi chiswe, chimene chimadula udzu wouma n'kusiya timabwalo tadazi. Kawirikawiri chimadya zouma za pamwamba n'kusiya nthambi zapansi, choncho malowo amatsekekanso m'dzinja, koma musasiye milu ya zinyalala kapena nkhuni pakapinga, pakuti zimenezo ndi zimene zimachiitana. Kumidzi, kumene ziweto zimamasulidwa anthu akakolola, mbuzi zingathe kumudya mpaka kufika padothi. Kudyako pang'ono sikumupha, koma zikamabwera tsiku lililonse bwezeretsani minga ija.

Mvula ikabwerera

Patangopita masiku ochepa mvula yeniyeni itagwa, timasamba tobiriwira timayamba kutuluka pakati pa zouma zija. Dutsani ndi reki kuchotsa udzu wakufa wochuluka, kuti dzuwa ndi madzi zifike pansi. Pamene papondedwa kwambiri mpaka dothi kulimba, bayani ndi foloko ya m'dimba kapena chitsulo chosongoka mozama masentimita 10, mabowo ake motalikirana chikhato chimodzi, kenako mwazani manyowa osefa. Dikirani milungu itatu musanagamule kuti malo ena afa, chifukwa mbali zina zimachedwa kudzuka, makamaka pa katondo wolimba.

Imeneyi ndi nthawinso yoyendera malire. Tengani fosholo yakuthwa, dulani motsata njerwa kapena malata aja kuzungulira bwalo lonse, ndipo fukulani mbali ya kudimba kuti muone ngati pali nthambi yoyera imene yadutsa pansi kapena pampata wa njerwa. Ikapezeka itsateni mpaka kumapeto kwake n'kuichotsa yonse, kenako tsekani mpatawo. Nthambi zimene mwadula m'malirezo musazitaye, chifukwa ndizo mbewu yotsekera pamene pali dazi: zidulireni m'zidutswa za mfundo zitatu kapena zinayi, tipulani pang'ono pamalo ofunika, kwirirani n'kuponda monga munachitira poyamba, ndipo ikani nthambi ya minga pamwamba pake kwa milungu itatu kuti nkhuku zisafukule.